Za mapulani a Fiji: yambani mwaona komwe ndalama zikuchokera

Achimwene, mwafunsa kuti kadziko ka pazilumba ngati Fiji, komwe sikatulutsa utsi wochuluka ngati China kapena America, kamavutikiranji kulemba mapulani a chitukuko chosawononga chilengedwe, ndipo mwati mwina ndi nyambo chabe yokolera ndalama za mabungwe akunja. Ena m'gulu muno aseka, koma funso lanu lili ndi mutu. Nyamboyo ilipo, sindikana. Koma kwa Fiji nkhani yaikulu si utsi ayi. Nkhani ndi yoti mvula, mphepo ndi nyanja zimatha kufafaniza ntchito ya zaka zambiri usiku umodzi, ndipo boma limene silinawerengere zimenezi mu bajeti yake limakhala likungomanganso zomwe linamanga kale.

Dzikoli lili m'nyanja ya Pacific ndipo lili ndi zilumba zoposa 300, koma zokhala anthu ndi pafupifupi 110, ndipo kalembera wa 2017 anapeza anthu 884,887. Chikalata chawo choyamba cha nkhaniyi, Green Growth Framework, chinatuluka mu 2014 pansi pa boma la Frank Bainimarama. Chinali ndi mitu 10: madzi, magetsi, zinyalala, mayendedwe, chakudya, nyanja ndi zina. Mukachiwerenga mungati ndi chikalata ngati china chilichonse cha boma, chodzaza mawu okoma. Chimene chinachiyesa ndi namondwe Winston, amene anafika pa 20 February 2016. Anapha anthu 44, anawononga nyumba zoposa 30,000 ndi sukulu pafupifupi 500, ndipo zonse zimene zinatayika zinayandikira gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chimene dzikolo limapanga pachaka. Fakitale ya shuga ya Penang ku Rakiraki inaphwanyika moti sanaitsegulenso, alimi a nzimbe a kumeneko n'kuyamba kututira nzimbe zawo kutali, ku fakitale ya ku Ba.

Apa ndi pamene ine ndimasiyanitsira pulani yeniyeni ndi ya pashelefu. Cha mu nthawi yomweyo, nkhani za kusintha kwa nyengo anaziika pansi pa unduna wa zachuma, m'manja mwa Aiyaz Sayed-Khaiyum, yemwenso ankagwira thumba la boma. Zingaoneke ngati zazing'ono, koma amene anagwirapo ntchito m'boma akudziwa kuti nthambi ya zachilengedwe ikakhala payokha imangolemba malipoti n'kumadikira mafuta a galimoto. Ikakhala pamene pakulembedwa bajeti, mawu ake amamveka msewu kapena mlatho usanavomerezedwe.

Kenako anafunafuna ndalama zawozawo. Mu 2017 anakhazikitsa msonkho wa 10 peresenti pa mahotela, malo odyera akuluakulu, magalimoto obwereka ndi zina zimene alendo odzaona malo amalipira, ndalama zake n'kumapita ku ntchito zoteteza dziko ku nyengo. Jumbo iliyonse ya pulasitiki m'sitolo anaiikira masenti 10, kenako 20, mpaka majumbo opyapyala anawaletseratu mu January 2020. Chaka chomwecho cha 2017 anakongola madola a ku Fiji 100 miliyoni, pafupifupi 50 miliyoni a ku America, kudzera mu green bond (ngongole ya boma ya ntchito zosamalira chilengedwe), ndipo anali oyamba kuchita zimenezi mwa mayiko amene akutukuka kumene. Zambiri mwa ndalamazo sizinapite ku masola ayi, zinapita kokamanganso sukulu zolimba, misewu ndi madzi a m'midzi. Muone bwino apa: imeneyo inali ngongole, yobweza ndi chiwongoladzanja. Wofuna zaulere sachita zimenezo.

Nanga nyambo ija? Ilipo. Fiji anatsogolera msonkhano wa mayiko onse wa za kusintha kwa nyengo wa COP23 mu 2017, umene unachitikira ku Bonn ku Germany chifukwa kwawo kunalibe malo okwana khamu lonselo, ndipo green bond ija anakailembetsa pamsika wa ku London chaka chotsatira. Zonsezi zinali zodzigulira dzina kuti akagogoda pakhomo la World Bank kapena Green Climate Fund, thumba la mayiko lothandiza pa za nyengo, asaime nthawi yaitali. Ine sindiona cholakwika. Amene sanayatse moto ali ndi ufulu wopempha amene anauyatsa kuti alipireko.

Koma pamene mungaonere bwino mphamvu ndi kufooka kwa mapulaniwa ndi pamudzi wa Vunidogoloa, pachilumba cha Vanua Levu m'mbali mwa Natewa Bay. Anthu a pamudziwu anamangapo makoma otchinga nyanja, madzi n'kumawagumula. Nyanja ikakwera madzi ankalowa mpaka m'nyumba, mchere n'kupha mbewu m'minda. Iwo eni ndi amene anapempha boma kuti awasamutse, ndipo mu 2014 anasamukira kumtunda, mtunda wa makilomita pafupifupi 2, kumalo amene anawatcha Kenani. Anamanga nyumba 30, ndipo matabwa anachokera m'nkhalango ya mudzi womwewo. Boma linawakumbira maiwe a nsomba ndi kuwapatsa mbewu ya chinanazi kuti asangodalira nyanja imene anaisiya kumunsi.

Zinatheka msanga chifukwa cha malo. Ku Fiji pafupifupi 90 peresenti ya nthaka ndi ya mafuko a eni dziko, ndipo siigulitsidwa. A ku Vunidogoloa anali ndi mwayi woti phiri limene anasamukirako linali la fuko lawo lomwe, choncho panalibe zokapempha kwa mfumu ina. Midzi ina ilibe mwayi umenewo, ndipo zokambirana za malo zokha zimatha zaka.

Ndiye tamverani ichi. Nyumba zija zitatha, zinapezeka kuti zilibe makhitchini. Amene ankakhala pamisonkhano yokonza mapulani anali abambo, amayi sanafunsidwe mokwanira, ndipo banja lililonse linachita kudzimangira lokha pophikira. Akatswiri anayeza kutalika kwa phiri, anawerengera malata ndi misomali, koma palibe anafunsa kuti mphika ukhala pati. Nkhani ya manda nayo inawavuta anthu mumtima, chifukwa kusiya makolo awo kuti nyanja iwakokolole sichinali chinthu choti n'kungovomera. Amene mumachokera ku Nsanje ndi Chikwawa mukudziwa kuti boma likati samukirani kumtunda, mafunso oyamba amakhala omwewa: dimba langa, manda a makolo anga, ndipo kumeneko mfumu ndani.

Chimene ndimawayamikira a Fiji n'choti phunzirolo analilemba. Mu 2018 anatulutsa malangizo a kasamutsidwe ka midzi, onena kuti kusamuka kukhale njira yomaliza zina zonse zitakanika, kuti mudzi uvomereze wokha, ndiponso kuti amayi, achinyamata ndi olumala amvedwe. Mu 2019 anatsegula thumba lapadera la ntchito imeneyi, loyambira pa 3 peresenti ya msonkho wa alendo uja, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo inavomereza Climate Change Act kuti zinthuzi zikhale lamulo, osati kufuna kwa nduna imene ilipo lero.

Musaganize kuti zonse zikuyenda. Magetsi ndiwo akuwachititsa manyazi. Analonjeza kuti pofika 2030 pafupifupi magetsi onse azichokera ku madzi, dzuwa ndi zina zosatha, koma mpaka pano msana wawo ndi damu la Monasavu la mu 1983 ndi la Nadarivatu la mu 2012, ndipo gawo lalikulu lotsalalo likuchokerabe ku majenereta a dizilo ndi mafuta ena oitanitsa kunja. Kukachita chilala madamu n'kutsika, dizilo ndiye amalamula. Sitima ndi maboti olumikiza zilumbazo nazonso zimamwa mafuta omwewo.

Vuto lina ndi gwero la ndalama lija. Ntchito ya alendo imabweretsa pafupifupi 40 peresenti ya chuma cha Fiji. Covid itatseka mabwalo a ndege mu 2020, chuma chinatsika ndi pafupifupi 17 peresenti, mahotela anakhala pululu, ndipo boma linatsitsa msonkho uja kufika pa 5 peresenti pofuna kukopanso alendo. Ndiye kuti ndalama zotetezera midzi zinauma nthawi yomwe namondwe Harold ndi Yasa ankagunda dzikolo chaka chomwecho. Boma litasintha mu December 2022, nduna yaikulu yatsopano Sitiveni Rabuka anachotsa nkhani za nyengo ku unduna wa zachuma n'kuzipititsa ku ofesi yake. Pofika chaka chimenecho midzi 42 inali pamndandanda wofunika kusamutsidwa mwachangu, ndipo imene inali itasamukadi, yonse kapena mbali yake, inali 6 yokha.