Korona anapita, nanga mtimawu ukuthamangirabe chiyani?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti anadwala korona miyezi 7 yapitayo n'kuchira, koma mpaka pano akangoimirira mtima umagunda ngati athamanga, amachita chizungulire, ndipo mawu odziwika bwino amawathawa ali pakati polankhula. Kuchipatala anawayeza magazi, anawajambula chifuwa, osapeza kanthu. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi ndi maganizo chabe?"

Ayi mayi, musadzikayikire. Zoyeza za masiku onse sizinapangidwe kuti zigwire vuto lotere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalifotokoza mu Okutobala 2021 kuti ndi zizindikiro zimene zilipobe patatha miyezi 3 chidwalireni, zokhala miyezi 2 kapena kuposa, popanda matenda ena ozichititsa. Ambiri amangoti Long COVID.

Ndiyambe ndi mtimawo. M'thupi muli mitsempha yogwira ntchito ife osaituma, yoyendetsa kugunda kwa mtima, thukuta, kugaya chakudya. Mukaimirira magazi amatsikira kumiyendo, ndipo mitsemphayi imafinya njira za magazi msangamsanga kuti abwerere kumtunda. Ikachita ulesi, mtima ndi umene umavutika, umathamanga kuti ubongo usasowe magazi. Vutoli madokotala amalitcha POTS. Mungathe kuliyesa nokha. Gonani chagada mphindi 10, werengani kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi, kenako imirirani pafupi ndi khoma, wina ali pambali panu, muziwerenganso mpaka mphindi 10 zithe. Kwa munthu wamkulu, kugundako kukakwera ndi 30 kapena kuposa n'kukhala pomwepo, ndi chizindikiro chofunika kuchionetsa kwa dokotala.

Chaisokoneza mitsemphayo n'chiyani? Ofufuza ambiri akuloza chala chitetezo cha m'thupi. Mwa anthu ena, tizidutswa ta kachilombo ka korona timapezekabe m'matumbo patapita miyezi, ndiye asilikali a m'thupi sabwerera kukapuma, amangokhalira nkhondo. Mwa ena thupi limapanga ma antibody, zida zake zolimbana ndi matenda, koma olimbana ndi ziwalo zake zomwe. Palinso kachilombo ka Epstein-Barr, kamene pafupifupi tonse tili nako chigonere kuyambira kalekale, ndipo zikuoneka kuti korona amakadzutsa. Mu 2023 gulu la Akiko Iwasaki wa ku yunivesite ya Yale ku America linapeza zizindikiro za kudzuka kumeneku mwa odwala Long COVID, komanso kuti cortisol, homoni imene imatithandiza kudzuka ndi mphamvu m'mawa, inali yotsika.

Zimene zimandigwira mtima ine ndi za ku University of Pennsylvania, za chaka chomwecho. Iwo anaona kuti chitetezo chikakhala chikuyakabe, matumbo satenga bwino tryptophan (kanthu kamene thupi limapangira serotonin, wonyamula mauthenga m'mitsempha) m'chakudya, ndiye serotonin amachepa m'magazi. Akachepa, mtsempha wa vagus, umene umanyamula mauthenga kuchoka m'mimba kupita ku ubongo, umafooka, kukumbukira n'kuyamba kuvuta. Gawo lina la umboniwu anaupeza pa mbewa, choncho tisathamangire kugula mankhwala. Koma taonani, kuiwala mawu kwanuko kungathe kuyambira m'mimba! Mu ubongo momwemo mulinso timaselo tolondera totchedwa microglia, timene tikakwiya nthawi yaitali timasokoneza kuganiza.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Anthu okufunirani zabwino adzakuuzani kuti muzichita masewera olimbitsa thupi kuti mphamvu zibwerere. Ngati mumaona kuti mukachapa kapena kuyenda kamtunda lero, mawa kapena mkuja mumagoneratu osadzuka, musawamvere. Kudzikakamiza kumakulitsa vutoli, monga zimakhalira ndi matenda a kutopa kosatha otchedwa ME/CFS. Gawani ntchito pang'onopang'ono, muzisiya musanatope.

Koma mukakomoka, mukamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Apo ayi, lembani manambala a kugunda kwa mtima aja kwa masiku atatu, ogona ndi oimirira, mupite nalo pepalalo kwa dokotala, ndipo dzina lakuti POTS mukalitchule nokha.