Kwa amayi a ku Bembeke: mugulireni ya bokosi, koma isakhale youma

Amayi a ku Bembeke, mwafunsa za mnyamata wanu wa zaka 13 amene wakakamira zophunzira gitala. Mwati ndalama zilipo za gitala imodzi basi, kunyumba muli ndi kasola kongochajira mafoni, ndipo anthu akukuzunguzani mutu: ena akuti ayambire ya bokosi, ena akuti ya magetsi poti ndi imene amaimbira kutchalitchi kwanu. Ine ndikuti mugulireni ya bokosi. Koma chifukwa changa n'chosiyana ndi chimene ambiri akukuuzani.

Ambiri amati mwana ayambe ndi bokosi kuti zala zikhwime kaye, amve kuwawa ndiye adzadziwa. Zimenezo ine sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono, chifukwa kuwawa komweko ndi kumene kwasiyitsa ana ambiri gitala mwezi usanathe. Zoona zake n'zakuti ya magetsi ndiyo yofewa. Mawaya ake ndi owonda, wowonda kwambiri uja nthawi zambiri amakhala wa geji (muyeso wa kunenepa kwa waya) 9 kapena 10 pomwe pa bokosi amakhala wa 12, komanso amakhala pafupi ndi khosi la gitala moti sipafunika mphamvu zambiri podinikiza. Mukanakhala kuti muli pa Dedza boma m'nyumba ya magetsi, ndalama za ampu (chokuzira mawu a gitala) zilipo, mwana naye mtima wake uli pa lidi (gitala yotsogolera nyimbo mu bandi), ndikanati gulani ya magetsi osacheuka. Machunidwe ndi amodzi, E A D G B E, ndipo kodi (kagwiridwe ka mawaya angapo kuti alire pamodzi) ya G imene waphunzira pa bokosi ndi yomweyo akaigwire pa ya magetsi. Palibe lamulo loti ina ndi ya sitandade 1, ina ya ku sekondale.

Vuto la ya magetsi ndi loti siyenda yokha. Ifuna ampu, ifuna kebulo, ifuna magetsi enieniwo. Popanda ampu imangonong'ona, mwana sangamve ngati kodi yatuluka bwino, ndipo mnzake akayamba kuimba pakamwa gitalayo yasowa. Tilipo tima ampu toyendera mabatire, koma nato ndi ndalama zina pamwamba pa gitala. Tsono mukagawa ndalama zomwe muli nazozo patatu, mudzabwera ndi gitala yachabechabe, ampu yolira ngati yaphulika sipika, ndi kebulo yoduka mkati. Ndalama zomwezo pa bokosi imodzi mupeza chinthu chooneka.

Ena anena kuti azingophunzirira pa ya kutchalitchi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gitala ya kutchalitchi imakhala yokiyiridwa sabata yonse, ikatuluka Loweruka pa pulakatisi ili m'manja mwa eni ake, mwana angoigwirako mphindi zochepa anthu akulongedza. Wophunzira amafunika kugwira tsiku ndi tsiku, ngakhale mphindi 20 zokha akaweruka kusukulu. Bokosi aitenga pakhonde, aitenga kuseri kwa nyumba, apita nayo kudimba kolondera kachewere. Ndipo musaione ngati gitala ya osauka. A Daniel Kachamba a ku Chileka adatchuka mpaka kunja ndi gitala ya bokosi, a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu nawonso akalamba nayo yomweyo.

Tsopano pamene pagona nkhani ndi pogula. Bokosi youma, ya mawaya ovuta kudinikiza, ndi yoipa kuposa kukhala opanda gitala, ndipo zambiri zotchipa zimene zimayenda m'misika ndi zotero. Musatumize munthu kuti akangokugulirani. Pitani naye mwanayo, mutengenso mmodzi wa oimba a kutchalitchi kwanu, kaya ndi ku Lilongwe kaya ndi kwa munthu amene akugulitsa yake yakale. M'thumba muike machesi ndi kapepala.

Pa khosi la gitala pali timizere tachitsulo totchedwa mafureti. Werengani kuchokera kumutu mpaka ka nambala 12, pamene nthawi zambiri pamakhala timadontho tiwiri. Lowetsani mtengo wa machesi pakati pa kachitsuloko ndi waya wonenepa wa pamwamba. Mpatawo uzikhala wofanana ndi machesiwo kapena kuposera pang'ono chabe, pafupifupi mamilimita 2 kapena 3. Mukaona kuti mpaka pensulo ikhoza kulowapo, bwezani gitalayo ngakhale ikhale yonyezimira bwanji. Imeneyo idzamutulutsa matuza mwana, ndipo iye adzaganiza kuti alibe luso pomwe cholakwa ndi gitala. Kenako ikwezeni, muyang'ane khosi kuchokera kumutu kutsika m'munsi, muone ngati silidapindike kapena kupotoka. Kapepala kaja yesani kukalowetsa pansi pa kathabwa kamene kamagwira mawaya pamimba pa gitala. Kakalowa, ndiye kuti guluu wayamba kusiya, tsiku lina kathabwako kadzazuka. Woimba uja aichune, aimbe nyimbo imodzi yathunthu, kenako amvetsere ngati idakali m'chuni. Apotokolenso zochunira zonse 6, pasakhale yozungulira mwaulere. Adinikize waya uliwonse pa fureti 12, mawu ake azifanana ndi a waya wosadinikiza, kungoti okwera. Dzina lolembedwa kumutu lisakunyengeni, zomata zilipo. Yamaha F310 yeniyeni ndi gitala yabwino kwa woyamba, koma nayonso iyesedwe chimodzimodzi.

Mwanayo akhale pansi aikumbatire. Ngati phewa likukwera m'mwamba kuti dzanja lifike pa mawaya, yamukulira. Zilipo zocheperako zimene amati 3/4, ndipo palibe chamanyazi kuyambira pamenepo.

Mwina mudzapeza ya bokosi ya mawaya a nailoni, monga Yamaha C40. Imeneyo siluma zala, mawu ake ndi ofatsa, koma khosi lake ndi lotambalala, pafupifupi mamilimita 52 pomwe ya mawaya achitsulo ndi cha m'ma 43, ndiye mwana wa zala zazifupi amavutika kutambasula. Kwa mwana amene akulinga ku bandi ya kutchalitchi ine ndimakonda ya mawaya achitsulo, chifukwa khosi lake ndi lofanana kwambiri ndi la ya magetsi. Mungochotsa mawaya amene yabwera nawo n'kuikapo ofewa a geji 10 kapena 11. Chimodzi chokha ndikupempheni: pa gitala ya nailoni musadzaikepo mawaya achitsulo, ngakhale wina akuuzeni kuti ilira mokweza. Amakoka mwamphamvu kwambiri, amazula kathabwa kaja ndi kupinda khosi. Waya wa buleki ya njinga nayenso musiyireni banjo ya chigubu.

Kwathu kuno kumazizira, inu a ku Bembeke mukudziwa bwino za Juni ndi Julayi. Zala zozizira zimamva kuwawa msanga pa waya wachitsulo, choncho aziyamba waotha manja kapena aziphunzira dzuwa likatuluka. Koma gitalayo isayandikire mbaula, isagone padzuwa, isapachikidwe pafupi ndi malata, chifukwa kutentha kumafewetsa guluu ndi kung'alula thabwa. Nthawi ya dzinja mawaya amachita dzimbiri msanga, ndiye akamaliza kuimba azipukuta ndi kansalu kouma. Pogula mutengeretu paketi ina ya mawaya. Wowonda uja amaduka kawirikawiri m'manja mwa wophunzira kuchuna, ndipo gitala imatha kukhala mwezi pakhoma chifukwa cha waya mmodzi.

Masabata oyamba nsonga za zala zidzawawa ndithu, ngakhale gitala ikhale yofewa. Zikafiira apume, mawa apitirize, pakapita masabata angapo khungu limalimba lokha. Zikhadabo za dzanja lodinikiza azidula. Kuchuna asavutike nako, pa foni pali ma apu aulere ochunira, kasola kanu kaja kagwira ntchito pamenepo. Ayambe ndi makodi a G, C ndi D, awonjezere Em, ndipo ndi amenewo adzatha kuperekeza makolasi ambiri amene mumaimba kale pa mapemphero a madzulo. Muziimba naye inuyo, chifukwa kusintha kodi pa nthawi yake amaphunzira pamene pali munthu amene akuimba osamudikira.

Za ya magetsi musamutsekere. Kambiranani ndi mkulu wa bandi ya kutchalitchi kuti Loweruka lililonse mwanayo azikhala pambali pa wa rizimu (woimba gitala yoperekeza nyimbo), ndipo pulakatisi ikatha amulole kugwirako ali pa ampu. Kumeneko adzaphunzira zimene bokosi singamuphunzitse, monga kuletsa mawaya osafunika kuti asalire ndi kusunga voliyumu. Akadzafika posintha makodi anayi aja osayang'ana zala, mudzabwerenso mutifunse za ampu.