Kwa achemwali amene afunsa za karaoke ku Japan

Achemwali, ndawerenga funso lanu lija, loti anzanu a mu labu ku yunivesite kumeneko ku Japan akuti mukatha phwando lotsekera chaka mupitirire nawo ku karaoke, ndiye mukuda nkhawa poti mowa simumwa, Chijapani simunachigwire bwino, komanso simukudziwa ngati kukana kungaoneke mwano. Ena akuyankhani kale kuti mungopita mukasangalale. Sakunama, koma pali zina zimene ndikufuna ndikutsineni khutu, chifukwa inenso ndinakhalako kumeneko pa maphunziro ndipo m'zipinda za karaoke ndinalowamo ndithu.

Muyambe mwachotsa maganizo oti mukayima pa siteji pamaso pa anthu osawadziwa. Kumene akutengereniko ndi ku malo ngati Big Echo, Manekineko kapena Karaoke-kan, nyumba zogawidwa tizipinda tambiri, gulu lililonse chipinda chake. Mkatimo muli mipando yozungulira tebulo, kanema wamkulu woonetsa mawu a nyimbo, maiki awiri, kamakina kogwira m'manja kosankhira nyimbo kamene amakatcha denmoku, ndi foni yapakhoma yoitanitsira zakumwa. Chitseko chikatsekedwa, okumvani ndi anzanu omwe mwabwera nawowo basi. Kale sizinali choncho. Daisuke Inoue, woyimba ng'oma wa ku Kobe, atapanga makina ake mu 1971, ankawayika m'mabala, munthu n'kumaponyamo ndalama ya 100 yen kuti ayimbe pamaso pa onse amene akumwa. Tizipinda tija tinayamba chapakati pa zaka za m'ma 1980 ku Okayama, pomwe anasandutsa makontena onyamulira katundu kukhala moyimbiramo, ndipo m'pamene amayi, ana asukulu ndi anthu amanyazi anayamba kupitako mwaunyinji. Inoue uja mu 2004 anapatsidwa mphoto ya Ig Nobel, imene ndi mphoto yanthabwala, koma chifukwa chimene eni mphotoyo anapereka ndimachikhulupirira ndi mtima wonse: anati makina akewo anapatsa anthu njira yatsopano yophunzirira kupirirana.

Kupiriranako ndiye nkhani yonse. M'chipinda muja palibe amene akuyeza mawu anu. Chimene amayang'ana mwakachetechete ndi mmene mukudikirira nthawi yanu komanso mmene mukumvetsera anzanu akamayimba. Denmoku imayenda mozungulira. Ikafika kwa inu mulowetse nyimbo imodzi yokha, n'kuipereka kwa mnzanu wapafupi. Kulowetsa nyimbo ziwiri kapena zitatu zotsatizana, ngakhale mzere uoneke wopanda kanthu, n'kudya nthawi ya ena, chifukwa chipindacho amalipira potengera nthawi ndipo mutu uliwonse ukulipira. Ngati muli anthu asanu ndi atatu mu maola awiri, aliyense angayimbe mwina katatu kokha. Muonenso kutalika kwa nyimbo yanu. Ya mphindi zisanu ndi ziwiri yokhala ndi gitala wolira yekha pakati mukaisiye kunyumba.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene ife a kwathu chimatigwira, ndipo ndikufuna ndichedwepo. Tinakulira m'kwaya, m'maliro ndi m'maukwati, kumene wina akatsogolera nyimbo enafe timavomera. Kumusiya munthu akuyimba yekha kwathu kumaoneka ngati kumutaya. Ndiye mnzanu wa Chijapani akayamba nyimbo ya Chingerezi imene mukuidziwa, pakhosi panu padzayabwa, dzanja lidzapita lokha pa maiki yachiwiri ija, ndipo mudzafuna kumuikira mawu apamwamba kuti nyimbo ikome. Musatero pokhapokha atakuitanani. Mphindi zinayi zimenezo ndi zake. Mwina nyimboyo wakhala akuiyeserera yekha kwa milungu kuti adzayimbe tsiku limenelo, ndipo inu mukalowererapo ndi mawu amphamvu a ku kwaya, iye amamira. Sadzakuuzani kuti mwamulakwira. Adzamwetulira, adzakuyamikirani kuti mumayimba bwino, koma ulendo wina denmoku ikadzafika kwa iye adzangoidutsitsa. Ndinaona ndi maso anga mnyamata wina wamanyazi mu labu mwathu atatsitsa maiki n'kuiyika pa mwendo pakati pa nyimbo yake, chifukwa mlendo wina wochokera kunja anali atailanda ndi mtima wabwino ndithu, akuganiza kuti akuthandiza. Ngati woyimbayo akufuna muyimbe naye, adzakulozerani maiki kapena adzakupatsirani m'manja. Apo mulandire, koma mawu anu akhale pansi pa ake. Pa kolasi imene chipinda chonse chikuyimba popanda maiki, pamenepo masukani.

Zogwirizana ndi zimenezi: nyimbo imene wina wayimba kale usiku umenewo musaibwereze, chifukwa zimakhala ngati mukufuna kuonetsa mmene imayenera kuyimbidwira. Anthu ambiri, makamaka akuluakulu, ali ndi nyimbo yawo imodzi imene amadziwika nayo, imene amaitcha ohako. Ngati pulofesa wanu ali nayo, ophunzira akale onse akuidziwa ndipo palibe amaikhudza. Funsani mnzanu wa mu labu musanalowetse yanu. Pa denmoku palinso batani loimitsira nyimbo. Limeneli mulisamale, chifukwa kudula nyimbo ya mnzanu, ngakhale mwangozi, kumachititsa manyazi chipinda chonse. Yanu mukhoza kuidula nokha mawu akatha, ndipo anthu amayamikira chifukwa mwasungira ena nthawi.

Mukakhala simukuyimba, ntchito yanu ndi yomvetsera, ndipo ntchito imeneyi ndi yaikulu kuposa yoyimba. Muziwomba m'manja nyimbo ikamayamba, pakati pomwe woyimba akupuma, ndi pomaliza, kaya wayimba bwino kaya waphonya poyambira. M'zipinda zambiri mumakhala tambolini ndi maseche; tengani chimodzi muzitsatira nacho nyimbo zothamanga, koma pa nyimbo yachisoni yapang'onopang'ono muchiyike pansi. Anthu achikulire amakonda enka, nyimbo zodandaula zokoka mawu, ndipo zimafuna khutu lokha. Kugwira foni yanu mutu uli pansi mnzanu akuyimba kumaoneka msanga m'kachipinda kakang'ono. Ngakhale kufufuza nyimbo pa denmoku, muzidzutsa mutu kawirikawiri. Mukafuna kupita kuchimbudzi, dikirani nyimbo ithe, ndipo musatuluke pamene wamkulu wa gulu wangotenga maiki. Musajambule kanema wa munthu akuyimba osamupempha, ndipo kuika pa Facebook kapena pa sitetasi ndiye ayi ndithu.

Nanga inu muyimbe chiyani? Makina awiri amene mudzawapeze ndi DAM ndi Joysound, ndipo onse ali ndi nyimbo zambiri za Chingerezi. Za kwathu ine sindinazipezemo. Sankhani nyimbo ya Chingerezi yakale ndithu, yodziwika dziko lonse, yokhala ndi kolasi yosavuta, kuti anzanu athe kuwomba m'manja motsatira. Nyimbo imene mukuidziwa nokha, ngakhale muikonde bwanji, imasiya chipinda chili zii. Ikakhala yokwera kwambiri kapena yotsika, pali batani losinthira kiyi, ndipo aliyense amaligwiritsa ntchito popanda manyazi. Mukatha kuphunzira nyimbo imodzi yokha ya Chijapani, mudzaona mmene nkhope zidzawalire. Mawu amaoneka pa kanema ndipo pamwamba pa kanji, zilembo zovuta zochokera ku Chitchaina, pamakhala timalemba tosavuta ta hiragana toonetsa katchulidwe kake, choncho ngati hiragana mukuwerenga, nyimbo yoyenda pang'onopang'ono mungaikwanitse. Mukhoza kupita nokha masana kukayeserera. Kupita wekha ku karaoke kumeneko n'kozolowereka, amati hitokara, ndipo masana mtengo umatsika kwambiri poyerekeza ndi usiku. Makinawo amathanso kupereka malikisi kwa woyimba, koma mukakhala pagulu musayatse zimenezo nokha, chifukwa pali ena amene malikisiwo amawatsekera pakamwa.

Za kukana zija. Phwando lotsekera chaka lija lodyera limodzi, lotchedwa bonenkai, ndi limene aliyense amayembekezeka kupezekapo. Karaoke imabwera ngati chigawo chachiwiri, nijikai, ndipo anthu ambiri amatsanzika pakhomo pa lesitilanti n'kumapita kwawo popanda wowanena. Choncho kukana si mwano. Komabe ine ndikuti ulendo woyamba uno pitani. Ajapani ambiri mu labu salankhula za mumtima, ndipo m'chipinda muja ndi mmene mumadzadziwira kuti mtsikana wachete uja amakonda nyimbo zaphokoso, kapena kuti pulofesa woopsa uja amatseka maso akamayimba za kumudzi kwawo. Mukalowa, yimbaniko ngakhale imodzi. Kukhala usiku wonse mukukana denmoku kumapangitsa ena kudzimva ngati akukuzunzani kapena mukuwaweruza. Ngati mantha akukulirani, pemphani mnzanu muyimbe awiri. Koma munthu akamakukakamizani mutakana kale, kapena wamkulu wina akamaumirira kuti muyimbe naye nyimbo yachikondi atakukolekani dzanja paphewa, muli ndi ufulu wokana, ndipo Ajapani eni ake masiku ano amaziwerengera zimenezo ngati nkhanza. Musalole kuti wina akuuzeni kuti ndi chikhalidwe.

Mowa usakudetseni nkhawa. Malo ambiri amafuna kuti aliyense aitanitse chakumwa chimodzi, ndipo tiyi wozizira wa oolong kapena juwisi amawerengedwa. Mukanena kamodzi kuti simumwa, nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Enanu amene mukuwerenga izi, ngati mumamwa ndipo muli kumeneko, kumbukirani kuti kupalasa njinga mutamwa ndi mlandu, ndipo chilango chake anachikhwimitsa mu Novembala 2024.

Pali malo ena osiyana ndi tizipinda tija, amene mwina wamkulu wina angakutengereni muli ochepa: timabala tating'ono totchedwa sunakku, toyendetsedwa kawirikawiri ndi mayi amene makasitomala amamutcha mama. Kumeneko makina oyimbira ndi amodzi kwa bala yonse, mumayimba pamaso pa anthu osawadziwa, ndipo nyimbo mumapempha kudzera mwa mayiyo. Muziwombera m'manja aliyense, ngakhale wa tebulo lina, ndipo makasitomala akale muziwapatsa mpata woyamba. Mitengo yake siimalembedwa poonekera nthawi zonse, ndiye musalowemo nokha musanafunse.

Poti ndinu watsopano, khalani chakufupi ndi chitseko, mbali ya foni yapakhoma ija, chifukwa mpando wamkati kwambiri ndi wa wamkulu. Amene wakhala pafupi ndi foni ndi amene amaitanitsa zakumwa ndi kulandira mathireyi, koma poti Chijapani chikadakuvutani, mnzanu adzagwira foni, inu muzingothandiza kupatsira matambula. Kukatsala mphindi khumi kapena zisanu, foniyo imalira kuchokera ku kauntala kufunsa ngati mukutuluka kapena mukuwonjezera nthawi. Chisankho chimenecho musiyire wamkulu kapena amene wakonza ulendo. Nyimbo yomaliza kawirikawiri imakhala yoyimba chipinda chonse, ndiye foni ikalira musalowetsenso yanu.

Bilu amagawana, amati warikan, ngakhale kuti pulofesa nthawi zambiri amaikapo zochuluka. Nyamulani ndalama zapamanja zosinthasintha, ma 1,000 yen angapo ndi makobili, kuti wosonkhetsa asavutike ndi chenji, ndipo dziwani kuti usiku wa Lachisanu mu Disembala mitengo imakwera. Muonenso nthawi ya sitima yomaliza yopita kwanu musanalowe, chifukwa sitima zambiri zimasiya kuyenda cha pakati pa usiku ndipo takisi ndi yodula zedi. Kunena kuti mukuthamangira sitima yomaliza ndi chifukwa chimene aliyense amachimva, moti mukhoza kutsanzika nacho ngakhale ena akupitiriza. Mukakumana nawonso mu labu, athokozeni amene anakutengani, makamaka amene analipira zambiri, koma za mmene wina anavinira kapena mmene pulofesa anaphonyera mawu musazitchule pamaso pa amene kunalibe.