Chigubu choyera, mowa wosasa

Funso: Alangizi, ndimafulula mowa kunyumba m'chigubu cha pulasitiki. Ndimachitsuka ndi sopo mpaka kuwala, koma mowa ukumasasa ngati viniga. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Bambo, sopo amachotsa litsiro looneka, koma tizilombo tosasitsa mowa amatisiya. Ntchito ndi ziwiri: kutsuka, kenako kupha tizilombo.

Tsukani chigubu mukangokhuthula mowa, masese asanaume, ndi nsalu yofewa. Waya wokwechera mapoto musamuyandikize n'komwe; amakanda pulasitiki, ndipo m'timikwingwirima timeneto ndi momwe tizilombo timabisala. Pitirizani chala mkati mwa chigubucho. Ngati mwakhakhala, chisiyeni, pezani china.

Ine ndimakayikira kwambiri paipi yopopera mowa ndi kampopi ka pansi. Kamasuleni kampopiko, muone zoterera zimene zimamatirira kuseri kwa labala wake. Paipi yachita mawanga mkati ndi yotaya.

Mukatsuka, sungunulani supuni yaikulu imodzi ya bulichi wopanda fungo lonunkhiritsa, pafupifupi mamililita 15, m'malita 4 a madzi ozizira. Viikani ziwiya mphindi 20, n'kutsukuluza bwinobwino ndi madzi owiritsa, chifukwa bulichi wotsalira amapatsa mowa kakomedwe ka mankhwala. Ziwiya zachitsulo musaziviike m'bulichi, amazidya, ziwiritseni. Ndipo chonde, musasakanize bulichi ndi viniga, mpweya wotuluka pamenepo ndi wa poizoni.

Chilichonse chokhudza mowa ukaphulidwa pamoto, kaya chivindikiro, chovundulira kapena mabotolo, chisamalidwe chimodzimodzi tsiku lomwelo mukuchigwiritsa ntchito.