Osamvera zoti mwachedwa achimwene

Achimwene musamvere zimenezo, zoti munthu ukakula zala zimauma ndiye kiyibodi yakudutsa, mawu amenewo ine anandilasa mpaka lero ndikakumbuka mtima umawawa. Ndinayamba ndili wamkulu kale ngati inuyo, wondiphunzitsa anali bambo wina woliza kiyibodi ku tchalitchi, ndalama ndimapereka mwezi ndi mwezi osaphonya. Tsiku lina pa prakitisi ya kwaya anthu atadzaza anati ndilize nyimbo yolowera, dzanja lamanzere linasochera pa kodi (makiyi olizira pamodzi) yachiwiri pomwe, iwo anangozimitsa kiyibodi pakhoma ndili mkati moliza, n'kunena mokweza kuti zala zangazi ndi za khasu ndibwerere kumunda. Amayi a soprano kuseka, ena kuzolika, ine thukuta kamukamu manja akunjenjemera pamakiyi osalira, ndipo ndalama ya mwezi umenewo sanabweze ngakhale tambala. Munthu wouma mtima, kuphunzitsa samadziwa, ankangofuna anthu aone kuti katswiri ndi iye yekha.

Chitsanzo cha mphunzitsi weniweni wa piyano ndi Theodor Leschetizky wa ku Poland, wobadwira ku Łańcut mu 1830. Iyeyu anaphunzira kwa Carl Czerny, Czerny uja anaphunzira kwa katswiri wopeka nyimbo Beethoven, ndipo Leschetizky anaphunzitsa zaka zambiri ku St Petersburg kenako ku Vienna kuyambira 1878, ankapekanso nyimbo zake za piyano. Mu 1884 kunabwera wophunzira wina wa ku Poland, Paderewski, atadutsa kale zaka 20, anali ataphunzirapo ku Warsaw koma zala zinali zosasulidwa bwino. Leschetizky anamuuzadi kuti wabwera mochedwa, koma sanamuthamangitse, anamubweza ku ma exercise a Czerny ngati woyamba kumene, n'kukhala naye pansi kukonza chala chimodzichimodzi. Pofika 1888 Paderewski anagwedeza Paris ndi piyano, mu 1891 New York, ndipo mu 1919 anakhala nduna yaikulu ya Poland. Akanakumana ndi bambo wa ku tchalitchi uja bwenzi atamaliza pomwepo.

Ndiye inu musafune mphunzitsi wokunyengererani ayi, pezani wolimba, ngakhale wokalipa, Leschetizky nayenso anali waukali ndithu ophunzira ake ankamuopa. Akakudzudzulani pagulu pirirani, musathawe. Masikelo (kuliza makiyi motsatizana, do re mi) tsiku lililonse pang'onopang'ono, dzanja lililonse palokha kaye musanawaphatikize, ndipo ndalama muzipereka lesoni ikatha, osati ya mwezi wonse patsogolo.