Giyabokosi yobowoka pakati pa ng'oma yokazingira mtedza

Bambo wina wowotcherera zitsulo ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akupanga ng'oma yokazingira mtedza yoyendera mota, koma malo ndi ochepa. Funso lawo ndi lakuti agule giyabokosi ya shafuti yotuluka n'kumangapo tcheni, kapena ija yobowoka pakati imene ogulitsa amati hollow shaft?

Achimwene, tengani yobowokayo. Shafuti ya ng'oma imangolowa m'bowo la giyabokosi, kiyi (kachitsulo koletsa shafuti kuterereka m'bowomo) n'kugwira, basi. Tcheni ndi sipuroketi zachoka, ndipo tcheni yokhala pa fumbi la makoko a mtedza sichedwa kuuma n'kuyamba kulira.

Mota ya mapolo anayi pa magetsi athu a 50 Hz imazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi. Mukaika giyabokosi ya 50:1, yomwe imachepetsa liwiro ka 50, ng'oma izizungulira ka 28 pa mphindi. Pa mtundu wofala wa giyabokosi wotchedwa NMRV, saizi 040 imabwera ndi bowo la mamilimita 18, ya 050 la mamilimita 25. Yambani mwagula giyabokosi, muyeze bowolo, kenako mupite kokadulitsa shafuti. Ambiri amayambira kumchira, mapeto ake shafuti imagwedera m'bowo mpaka kudya kiyi. Pomanga, pakani girizi wa kopa, chifukwa zitsulo ziwirizi zikamapekesana zimachita dzimbiri lofiira, ndipo pakatha chaka simudzazilekanitsa ngakhale ndi hamala.

Apa ndiye mumvetsetse. Giyabokosi imeneyi imalendewera pa shafuti, choncho thupi lake limafuna kuzungulira mobwerera mota ikayaka. Chimene chimaliletsa ndi kachitsulo kotchedwa torque arm. Mukamangirire ku fulemu ndi bawuti imodzi yodutsa mu rabala. Ndikudziwa, dzanja la wowotcherera limayabwa kuti chilichonse chigwire nganganga, koma osakawotcherera ayi. Shafuti yodulidwa kwathu kuno kawirikawiri imakhala yopindika pang'ono, ndiye giyabokosi iyenera kumavina nayo. Mukaiumitsa, mabering'i ndiwo adzalipire.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa makina anuwa ndi moto. Kutentha kumayenda m'shafuti kukafika pa masilo, marabala otchinga mafuta a m'giyabokosi kuti asadonthe, pomwe giya ya worm, ya mazinga ngati bawuti imene ili m'giyabokosimo, imatentha kale payokha. Talikitsani shafuti, bering'i ya ng'oma ikhale pakati pa ng'oma ndi giyabokosi, ndipo muike lata lotchinga malawi. Tsiku loyamba kukazinga, pakatha ola limodzi suzumirani pansi pa silo muone ngati mafuta ayamba kudontha.