Mukufuna kuyamba kuwedza? Musayambire pa chambo

Bambo wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Ndimagwira ntchito ya mu ofesi, ndipo Loweruka ndimangokhala pakhomo. Ndikufuna kuyamba kuwedza nsomba pongosangalala, osati bizinesi. Ndaona m'sitolo ndodo zowedzera zokhala ndi kawilo kokulungira chingwe, koma mtengo wake wandiopsa. Ndigule zimenezo? Ndikuganiza zokayambira ku Salima kuti ndikagwire chambo. Nanga pamafunika chilolezo?"

Achimwene, ndalama zanuzo zisiyeni kaye m'thumba. Ku Salima mudzapita ndithu, koma usakhale ulendo woyamba, ndipo musakafuneko chambo.

Chambo chimene mumadya ku Mangochi kapena kugula m'mbali mwa msewu, pafupifupi chonse chimagwidwa ndi maukonde. Chakudya chake ndi ndere ndi tizomera ting'onoting'ono toyandama m'madzi, ndiye nyongolotsi yanu chimangoidutsa. Mukhoza kupsa ndi dzuwa tsiku lonse pamchenga wa ku Senga Bay, n'kubwerera chimanjamanja, muli "kuwedza n'kotopetsa." Nsomba za kunyanja zimene zimalumadi mbedza, monga mcheni ndi kampango, zimafuna bwato, nyambo ya usipa komanso munthu wodziwa pomwe pali pakuya. Kampango amadya kwambiri usiku. Zonsezo si za munthu amene sanamangepo mbedza.

Yambirani pa damu, padziwe kapena pamtsinje woyenda pang'onopang'ono kufupi ndi kwanu. Kumeneko mukapeza makumba, milamba ndi matemba, nsomba zosanyada pa chakudya. Zimenezi ndi zimene zidzakuphunzitseni ntchito.

Pezani nsungwi yowuma bwino, yowongoka, yotalika pafupifupi mamita 3, yowonda kunsonga kuti izipindika nsomba ikakoka. Gulani chingwe cha nayiloni chowedzera chonenepa mamilimita 0.25 kapena 0.30, ndi mbedza zingapo. Pa mbedza pali posokoneza anthu ambiri: nambala ikamakwera, mbedza imachepa. Nambala 10 kapena 8 ndi yabwino pa makumba, pomwe mlamba umafuna yokulirapo, monga nambala 2. Oyamba kumene amakonda mbedza zazikulu poganiza kuti zikokera nsomba yaikulu, kuiwala kuti kamwa la makumba ndi laling'ono. Nsomba imangobudula nyambo n'kuchoka. Mbedza yaing'ono ikhoza kukola nsomba yaikulu, koma yaikulu singakole yaing'ono. Choyandamitsa chingwe musagule. Dulani kachidutswa ka patapata wakutha, makamaka wowala kuti muzikaona patali. Cholemetsa ndi kamtovu kapena kanati kakang'ono ka njinga. Zonsezi pamodzi mtengo wake sufika wa nkhuku imodzi yachikuda.

Chingwe chitalike mofanana ndi nsungwiyo. Pomanga mbedza, pisani chingwe pa kabowo ka mbedzayo, zungulizani nsonga yake kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa chingwe chomwecho, ndiye ibwezeni idutse pa kampata kamene katsala pafupi ndi kabowo. Nyowetsani ndi malovu musanakoke, chifukwa nayiloni ikamangika youma imatentha n'kufooka pomwepo pa mfundo. Yesererani pakhomo madzulo, pasakhale poyambira kugombe manja akunjenjemera. Kamtovu kakhale masentimita 15 kapena 20 pamwamba pa mbedza, ndipo patapata uja muboole pakati kuti muzitha kumukweza ndi kumutsitsa. Mukafika pamadzi, mukwezeni pang'onopang'ono mpaka agone chammbali; pamenepo ndiye kuti kamtovu kagunda pansi. Mutsitseni pang'ono kuti nyambo ilendewere pamwamba pa matope.

Nyambo yoyamba ndi nyongolotsi. Kumbani kudimba, pafupi ndi khola kapena kumene kumatsikira madzi a kubafa, n'kuziika m'chitini cha dothi lonyowa, pamthunzi. Poiveka, ilowetseni motsata kupindika kwa mbedza, kamchira katsale kakugwedezeka. Makumba amalumanso kambamu ka nsima yozizira yokanyidwa bwino mpaka inate. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimaposa zonse. Mlamba wokha ngwadyera: matumbo a nkhuku, chiwindi, ziwala, sukana. Tengani ndi madeya odzaza manja awiri, muwanyowetse, muponye pamalo amodzi mukangofika. Pakapita kanthawi nsomba zimasonkhana pomwepo, ndipo mpomwe muziponya mbedza yanu, osati kumangoyendayenda.

Tsopano ndifike pa chimene chimasiyanitsa wogwira ndi wongodyetsa nsomba, kuwerenga patapata uja. Akamangonjenjemera pamalo amodzi, timizere ta madzi tikufalikira, amenewo ndi matemba akujompha, musakoke. Makumba amamumiza pang'ono kamodzi kapena kawiri, kenako n'kumuyendetsa chammbali. Apo ndiye pokokera. Mlamba ulibe mwambo, umangomumiza psiti n'kuthawa naye. Ndipo kukoka kwake si kwa mphamvu zonse mpaka nsomba kuuluka kukagwa m'tchire kumbuyo kwanu. N'kungotukula nsungwi ndi dzanja, mwachangu koma mwachidule. Ikakola yaikulu, chingwe chikhale chokungika, nsungwi iloze m'mwamba, muisiye ilimbane ndi kupindika kwa nsungwiyo mpaka itope, ndiye muikokere kumtunda mokhwekhwereza. Mukainyamula m'malere, chingwe chimaduka kapena mlomo wake umang'ambika.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndi madzulo likamapendeka. M'miyezi yozizira ya June ndi July nsomba zimadya mwaulesi, choncho mukayamba nthawi imeneyo musadzione ngati watsoka. Kuyambira September kukatentha zinthu zimasintha. Khalani pansi, chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi, ndipo wailesi isiyeni m'galimoto. Kupondaponda kwanu pagombe nsomba zimakumva.

Mlamba ukatuluka musaugwire mwachisawawa. Uli ndi minga yolimba pa zipsepse ziwiri za kuseri kwa mutu, ndipo ikakubayani dzanja limawawa mpaka madzulo. Upanikizeni pamutu ndi kansalu, muchotse mbedza ndi pulayazi. Umatha kupuma mpweya, n'chifukwa chake umakhala nthawi yaitali uli moyo kumtunda. Wopita nawo kunyumba upheni msanga, usazunzike m'thumba. Tinsomba tating'ono bwezerani m'madzi, mutanyowetsa kaye manja kuti musatichotse thelezi la pakhungu. Ine ndimaona kuti munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi alibe chifukwa chotolera tiana ta makumba, pomwe pali ena amene ndiwo zawo zimachokera padziwe lomwelo.

Musanakhale pansi pamalo achilendo, perekani moni kwa amene mwawapeza, mufunse ngati muli ng'ona kapena mvuu. Safunsa adadya phula. Mumtsinje wa Shire ng'ona n'zambiri, ndipo ngakhale mu Lilongwe momwemo zimapezeka. Musakhale mapazi ali m'madzi, musatumbulire nsomba m'mphepete penipeni, musamabwerere pamalo amodzimodzi nthawi imodzimodzi, chifukwa ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu. Mbedza ikakodwa m'bango, dulani chingwe, mbedza mugula ina. China ndi likodzo, limene limafala kudzera mu nkhono za m'madzi odekha okhala ndi udzu. Valani majombo, ndipo ngati mwakhala mukulowa m'madzi otere, kayezetseni kuchipatala. Mankhwala ake alipo. Mabingu akayamba, longedzani.

Pa za chilolezo: usodzi m'dziko muno umayendetsedwa ndi lamulo la 1997, ndipo amene amapereka zilolezo ndi a nthambi yoona za usodzi. Pitani ku ofesi yawo ya m'boma limene mukufuna kukawedzako, muwauze kuti mukuwedza ndi mbedza pongosangalala, akuuzani chofunika pamalopo komanso za nyengo imene amatseka nyanja kumapeto a chaka kuti chambo chiswane. M'magombe ambiri muli makomiti a asodzi, ndipo ndi ulemu kuonekera kwa iwo. Damu lililonse lili ndi mwini wake. Kamuzu Dam ku Malingunde, yomwe ili pafupi nanu, ndi ya Lilongwe Water Board, madamu ena ndi a maesiteti kapena a mudzi, ndiye pemphani kaye. Ku Cape Maclear samalani kwambiri: madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la Lake Malawi National Park ndi otetezedwa chifukwa cha mbuna, tinsomba tokongola tokhala m'miyala, ndipo saloleza kuwedzamo. Wina akakuuzani za njira yachidule ya katupe, mankhwala ophera nsomba ochokera ku zomera, kapena neti ya udzudzu, mkanireni. N'zoletsedwa, ndipo zimapululira limodzi ndi tiana tomwe.

Ndodo ya kawilo ija mudzaigule mukaona kuti miyezi yapita koma Loweruka likafika mtima ukuthamangirabe kumadzi. Sankhani ya pakatikati, yotalika pafupifupi mamita 2, ndipo kuponya mukaphunzirire pabwalo la mpira, mutamanga kanati kopanda mbedza. Ikadzakuzolowerani, malo opitako alipo ambiri. Pa phiri la Zomba ndi ku Chelinda pa Nyika kuli nsomba za trout zimene anabweretsa azungu nthawi ya atsamunda. Mumtsinje wa Bua ku Nkhotakota mumakwera mpasa pokaswana, ndipo poti nsomba imeneyi yachepa kwambiri, mukaigwira ibwezereni. Kuchigwa cha Shire, kumunsi kwa mathithi a Kapichira, kuli tigerfish, ya mano akuthwa moti pafupi ndi mbedza pamafunika kawaya, apo ayi imadula chingwe.

Tsiku la ku Salima likadzakwana, mudzagwirizane ndi msodzi wa komweko akutengeni, mumulipire bwino, mugule usipa wauwisi pagombe pomwepo, mukayese mcheni. Jekete yoyandamitsa ivaleni ngakhale ena akusekeni. Pakati pa May ndi August mwera umawinduka mwadzidzidzi, ndiye mwini bwato akanena kuti lero sitilowa, musamukakamize ndi ndalama.